Bala Losamva Makapusozi

"Ndati musamumwetsenso zimenezo! Chotsani dzanja lanulo pakamwa pa mwana!"

Atelala analankhula ali chiimire pakhomo la chipinda, tepi yoyezera zovala ili lendelende m'khosi. Amuna awo anali atagwada pambali pa bedi, kapu ya madzi kudzanja lamanzere, makapusozi awiri ofiira kwina kwakuda kudzanja lamanja. Anthu onse a m'deralo ankawatcha a Kapusozi, chifukwa m'golosale mwawo, pakati pa sopo ndi machesi, munkakhala chibotolo cha mankhwala amenewa, ndipo munthu ankagula awiri kapena atatu monga momwe wafunira.

"Mukukuwa chiyani ngati nyumba yapsa?" anatero a Kapusozi osacheuka. "Mudzutsa khanda."

"Khanda likadzuka lilira n'kutonthola. Amake ndi amene akukanika kudzuka. Tamugwirani pachipumi mumve."

Pabedipo panagona mwana wawo wamkazi, amene onse ankangomutcha Chisamba poti ndiye woyamba kubadwa. Anali atangobereka kumene mwana wamwamuna, ndipo anachita kumung'amba. Kuchipatala anatuluka akuseka, n'kubwera kwa amake kuti bala lidzapolere pamenepo. Koma bala lija m'malo mouma linayamba kufiira, kenako kutupa, ndipo tsopano linkatulutsa mafinya onunkha moti ngakhale zenera litatsegulidwa fungo silinkachoka.

"Ndamugwira kale, n'chifukwa chake ndikumupatsa mankhwala. Kapena mukufuna ndimupatse ulusi ndi singano?"

"Munamupatsa dzana, munamupatsa dzulo. Chasintha n'chiyani?"

"Ameneyu wakula ndi makapusozi omwewa. Ali pasukulu akatsokomola, ndani ankamuchiritsa? Ali ndi pakati paja, akulira kuti mkodzo ukuwotcha, ndani anamuchiritsa? Ndinamupatsa atatu, kutacha anali akusesa pabwalo."

"N'kuyambiranso."

"N'kumupatsanso, n'kuchira."

"N'kuyambiranso, bambo a Chisamba. Matenda ochira sabwerera ngati mlendo woiwala chipewa."

Atelala analankhula mwamphamvu choncho, koma mumtima mwawo munalibe mphamvu. Iwonso makapusozi amenewa ankawakhulupirira. Ndi iwo amene anamatula limodzi n'kuwaza ufa wake pabala litangoyamba kufiira. Ndi iwonso amene anavomereza amuna awo atanena kuti mapiritsi amene Chisamba anapatsidwa kuchipatala asungidwe otsalawo, poti Chisamba anali atayamba kupeza bwino ndipo mankhwala sataya. Nanga lero cholakwika chinali pati? Mankhwala omwewo, mwana yemweyo, dzanja lomwelo.

Panja panamveka kulira kwa lole. Anali mkamwini wawo, dalaivala, akuchokera ku ulendo wautali. Analowa akupukuta manja pa thalauza, nkhope ili mwee kufuna kuona mwana wake, koma atangofika pakhomo la chipinda fungo linamulandira. Anayang'ana mkazi wake, amene milomo inali itauma ndipo mano ankagundana ngati ali pamphepo.

"Wayamba liti zimenezi?"

"Musade nkhawa, akamwini," anatero a Kapusozi akudzuka. "Kabala kangokwiya pang'ono. Tikukathira mankhwala."

Mkamwini anawerama n'kunyamula mkazi wake pamodzi ndi bulangete lomwe.

"Akamwini, tamverani. Mukakhala pamzere dzuwa lonse, kenako akakuuzani kuti mankhwala kulibe, mukagule. Ndipo akakulemberani omwewa ndili nawo apawa."

"Ndakumvani, apongozi. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Atelala anabereka khanda n'kukwera nawo lole, tepi yoyezera idakali m'khosi.

Kuchipatala Chisamba anamugoneka m'wodi ya amayi, pabedi la pafupi ndi khomo. Anamuika dilipi, anatsuka bala, ndipo anamwino ankabwera m'mawa ndi madzulo kudzamubaya jekeseni. Atelala mtima unakhala pansi. Kwa iwo jekeseni ndiye anali mapeto a matenda onse. Anali asanamvepo za nthenda yolimbana ndi singano. Koma masiku anapita, thupi osazizira. Adokotala anasintha jekeseni, n'kubweretsa wina amene anamwino ankati ndi waukali. Nayenso anangolowa ngati madzi. Mkaka m'mawere unauma, khanda linayamba kumwa wa m'chitini, ndipo Chisamba nthawi zina ankawayang'ana amake ngati sakuwadziwa.

"Anamwino, kodi mukumubayadi mankhwala, kapena ndi madzi?" anafunsa Atelala tsiku lina.

"Amayi, ndi mankhwala. Tikudikira zotsatira za ku labu."

"Labu ndiye achiritsa?"

"Ayi, labu angotiuza."

"Atiuza chiyani pomwe bala tikuliona ndi maso?"

Anamwino anangopumira m'mwamba n'kupita pabedi lina.

Zotsatira zitabwera, adokotala anaitana banja lonse m'kachipinda kopapatiza momwe munali tebulo, mipando iwiri ndi mpope wodontha. Anali mayi wachitsikana, wamfupi, maso ofiira ndi kutopa. A Kapusozi anabwera atavala jekete lawo la kutchalitchi. Mkamwini anaima chotsamira chitseko.

"Mafinya tinatenga aja tinawatumiza ku labu," anayamba adokotala. "Kumeneko amawapaka m'kambale kuti tizilombo timere, ngati mbewu pa nazale. Kenako amaikamo timapepala tozungulira, kalikonse konyikidwa m'mankhwala akeake. Mankhwala akakhala kuti akugwira ntchito, pozungulira kapepalako pamayera, tizilombo sitifikapo." Anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi. "Taonani apa. Tamera mpaka kukhudza kapepala. Apanso. Apanso. Pamene payera ndi apa pokha."

Atelala anayang'anitsitsa. Anangoona kambale kachikasu ka madontho oyera ngati mabatani a malaya.

"Ndiye kuti mankhwala anu ndi achinyengo," anatero a Kapusozi. "Ndinanena ine."

"Ayi, abambo, ndi enieni. Koma ndifunseko: asanabwere kuno, wodwalayu ankamwa chiyani?"

Mkamwini anayang'ana apongozi ake. A Kapusozi anapisa m'thumba la jekete n'kuika makapusozi angapo patebulo. Adokotala anatola limodzi, kulitembenuza, n'kuwerenga timalemba take.

"Awanso ndi enieni."

"Mwamva, mayi a Chisamba? Enieni! Adokotala anena okha!"

"Vuto si limenelo, abambo. Tizilombo tili pabala la mwana wanu timatchedwa mabakiteriya, ndipo ta mtundu umenewu timatulutsa zinthu zotchedwa maenzaimu. Makapusozi awa, ndi majekeseni tinayamba nawo aja, ndi a banja limodzi. Onse ali ndi kamfundo kofanana, ndipo mphamvu yawo yopha ili pakamfundo pamenepo. Enzaimu imadula pomwepo. Mankhwala amalowa m'thupi ali amphumphu, koma akangofika pamene pali tizilombo amaduka asanagwire ntchito."

"Kudula ngati sizasi?" anafunsa Atelala.

"Ngati sizasi, amayi."

"Kachilombo kosaoneka ndi maso, n'kukhala ndi sizasi?" Atelala anagwira chibwano. "Kapena mukutanthauza kuti thupi la mwana wanga lazolowera mankhwala?"

"Thupi ayi. Thupi lake silinalakwe kanthu. Ndi tizilomboto."

"Taphunzira kuti zimenezi? Tili ndi sukulu?" anatero a Kapusozi, akuyesa kuseka, koma palibe anawathandiza.

"Tinganene kuti sukulu yake ndi ife tomwe. Munthu akamamwa mankhwala awa pafupipafupi, pena pomwe sakufunika monga pa chimfine, pena awiri lero atatu mwezi wamawa, tizilombo tofooka timafa. Totsala ndi tija tili ndi enzaimu. Timaswana popanda wolimbana nato, ndipo luso limeneli timagawana tokhatokha, ngati anansi kupalana moto."

Mkamwini anachoka pachitseko paja.

"Adokotala, ine sukulu sindinapite nayo patali. Ndiuzeni mwachidule. Mkazi wanga wafika apa chifukwa cha makapusozi a apongoziwa?"

Adokotala anasisita m'maso.

"Sindinganene kuti ndi iwo. Tizilombo totere tili ponseponse masiku ano. Mwina anali nato m'matumbo kuyambira kale. Mwina anatitenga m'madzi, kapena ku nkhuku zimene anthu amazimwetsa mankhwala omwewa. Mwinanso anatitenga m'chipatala mwathu muno pa nthawi ya opaleshoni, zimenezo sindingakubisireni. Koma sindinganenenso kuti si iwo. Kapusozi aliyense womwedwa mwachisawawa amapatsa tizilombo timeneti malo."

Mawu amenewa aliyense anatolapo mbali yake. A Kapusozi anamva zoti mwina ndi chipatala. Mkamwini anamva zoti sanganene kuti si iwo. Atelala anamva zonse ziwiri, ndipo mutu unangoti balala.

"Nanga pamene payera paja?" anafunsa motsitsa mawu.

"Amenewo ndi mankhwala okhawo amene atsala. Kuno sitisunga, amachokera ku chipatala chachikulu. Tapempha kale. Tiyeni tipemphere kuti afike msanga."

Sanafike msanga. Tsiku lina ankati galimoto yawonongeka, tsiku lina ankati amene amavomereza sanabwere ku ntchito. Pamene kabokosi ka mankhwalawo kankafika, matenda anali atalowa kale m'kati. Adokotala anaitananso mkamwini ndi Atelala n'kuwauza kuti chiberekero chawola, ndipo akachisiya chimutenga mwini wake. Mkamwini anavomera ndi mutu wokha, n'kutuluka kukakhala mu lole yake, mawindo atatseka.

Opaleshoni yochotsa chiberekero itatha, Atelala anapita kunyumba kukachapa matewera. Anapeza amuna awo ali m'golosale, akupukuta mashelefu opukuta kale. Chibotolo chija chinali pamalo pake.

"Chimenecho chikutani pamenepo?"

"Chili pamalo pake."

"Bweretsani ndikataye kuchimbudzi."

"Mutaye chifukwa chiyani? Simunamve adokotala? Anati ndi enieni. Anati mwina ndi chipatala chawo chomwe."

"Ananenanso zina."

"Inu munamva zimene mumafuna kumva."

"Nanunso chimodzimodzi. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, bambo a Chisamba. Munaphunzira kuti za mankhwala inu? Mwana wathu sadzaberekanso. Mwamva? Sadzaberekanso!"

A Kapusozi anaika kansanza pansi.

"Mukuganiza kuti sindikumva kuwawa? Ameneyo ndi magazi anga. Koma tandiuzani: anthu a kuno mwana akatentha thupi, chipatala chili kutali, akafikako n'kuwabweza kuti mankhwala atha, ankathamangira kwa ndani? Ndi angati amene akuyenda lero chifukwa cha botolo limeneli? Inu nomwe, dzino litakusautsani, simunabwere pano kuti ndikupatseni awiri? Ufa uja pabala anawaza ndani, ine?"

Atelala anakhala pa thumba la shuga.

"Ndinawaza ndine."

"Nanga ndiye? Wa golosale ya kutsidya kwa msewuyo akugulitsa. Wa zakudya za nkhuku akugulitsa, wina amathira m'madzi a anapiye tsiku ndi tsiku. Ine ndekha ndikasiya, tizilombo tanu ta masizasito tikamva kuti a Kapusozi asiya, tidzati tiyeni tibwerere kwathu?"

"Sindikudziwa."

"Ndiye musandiweruze."

"Sindikuweruzani. Ndikungoti, amati nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Kwathu kuno zatembenuka. Tadya ndife, koma zapota mwana."

A Kapusozi anatolanso kansanza kaja n'kuyamba kupukuta sikelo.

Mankhwala a ku chipatala chachikulu aja anagwira. Pang'onopang'ono thupi linazizira, bala linayamba kuuma, ndipo patapita masabata Chisamba anatuluka. Anabwera ataonda moti diresi lomwe amake anamusokera ali ndi pakati linkamuzungulira kawiri. Mkamwini anamutsitsa mu lole, kumulowetsa m'nyumba, n'kupereka moni kwa Atelala okha. A Kapusozi anatambasula dzanja, koma linangotsala m'malere.

"Akangolimba ndidzamutenga," anatero mkamwini akuyang'ana kumbali. "Ndipo mwana wanga asadzalawe kanthu kochokera m'golosale umo, ngakhale switi."

"Akamwini, madzi akatayika saoleka," anatero Atelala. "Tisawonjezere moto."

"Amene atayika si madzi, apongozi. Ndi ana anga amene sadzabadwa."

Lole itapita, Atelala anakhala pamphepete pa bedi akupesa tsitsi la mwana wawo, lomwe linali litayamba kuthothoka. Khanda linali gone pambali.

"Amayi, anamwino anati ndizisamba m'manja ndi sopo nthawi zonse ndisanagwire mwana. Akuti mwina tizilombo tija tidakali m'matumbo mwanga."

"Iwe, si wachira?"

"Akuti ndachira, koma mwina ndili nato."

"Kuchira uli nato? Nanga kuchira n'chiyani?"

"Kaya. Akuti tikhoza kungokhala phee osandipweteka. Koma ndikadzadwalanso, ndizikanena msanga kuti mankhwala wamba sandigwira." Kenako anatembenuka. "Amayi, bambo a mwanayu akuti ndi ababa andichita zimenezi. Ababa akuti ndi chipatala. Inu mukuti ndani?"

Chipeso chinaima m'manja mwa Atelala. Akanakonda kukhala ndi dzina loti atchule. Munthu ukamudziwa mdani wako umadziwa kolavulira. Koma apa akaloza amuna awo, chala chinkabwerera kwa iwo eni. Akaloza chipatala, ankakumbukira kuti ndi chipatala chomwecho chimene chabweza mwana wawo ali moyo.

"Sindikudziwa, mwanangu. Mutu wanga wazungulira mpaka watopa."

"Ababa sanalowe muno chibwerere ine."

"Akuchita manyazi."

"Auzeni alowe. Ine sindinawathamangitse."

A Kapusozi analowa madzulo ake, chipewa chili m'manja. Anaima kumiyendo kwa bedi nthawi yaitali, akuyang'ana khanda. Mapeto ake anangofunsa ngati zenera likulowetsa mphepo, n'kulitseka, n'kutuluka akupukuta m'maso ndi chipewa chija.

M'mawa mwake Atelala anatulutsa makina awo osokera pakhonde la golosale, poti ntchito za anthu zinali zitaunjikana. Asanapondeko n'komwe, anafika mkazi wa kalipentala, mnansi wawo, atabereka kamtsikana kake. Mutu wa mwanayo unali lende kumbali, maso otseka mwatheka, akupuma mofulumira.

"A Kapusozi, ndithandizeni awiri ofiira aja. Mwanayu watentha ngati mbaula."

A Kapusozi anatembenuka mwachizolowezi, dzanja n'kufika pachivundikiro cha botolo. Pomwepo linaima. Anayang'ana kukhomo la kunyumba, kumene kunkamveka Chisamba akutonthoza khanda, kenako anayang'ana akazi awo.

"Atha," anatero ndi mawu osamveka bwino.

"Atha bwanji pomwe ndikuwaona ali thothotho m'botolomo?"

"Anzanga, pitani naye kuchipatala mwanayu," analowererapo Atelala. "Akamuyeze kaye."

"Ndinapita dzana. Ndinakhala pamzere mpaka dzuwa kupendeka, n'kundiuza kuti ndibwerenso. Ndiyendenso mtunda wonsewo ndi mwana ali chonchi?"

"Tamverani ndikuuzeni. Mankhwala amenewa ndi abwino, koma si abwino. Ndikutanthauza kuti ndi enieni, koma mukampatsa awiri, tizilombo tina timafa, tina timatsala, ndiye totsalato tili ndi tinthu tina ngati masizasi, timadula kamfundo…"

"Masizasi?" Mkazi wa kalipentala anawayang'ana ngati apenga. "Atelala, ine ndikunena za mwana, inu mukunena za ntchito yanu?"

"Ayi, adokotala ndi amene anatero. Chisamba wangotsala pang'ono kufa nazo."

"Koma sanafe. Wanu mwamuchiritsa, ali m'nyumbamo. Wanga ndiye afe?"

"Sindikutero ayi."

"Ndakhala ndikugula pano zaka zonsezi. Lero mwana wanga wadwala ndiye mwayamba udokotala? Zikomo. Golosale si ino yokha."

Anakweza mwana kumsana, kumanga nsalu mwaukali, n'kudutsa msewu. Atelala anaimirira, anaponya phazi limodzi kuti amutsatire, koma sanadziwe choti akanene chimene sanachinene kale.

A Kapusozi anatuluka m'golosale n'kuima pambali pawo. Sanalankhule mokalipa. Anafunsa ngati munthu amene akufunadi kuuzidwa.

"Ndamukaniza, monga mumafunira. Tsopano tandiuzani, mayi a Chisamba. Mwana uja zikamuvuta, tidzati wamupha ndani?"

Atelala anakweza maso. Kutsidya kwa msewu mkazi wa kalipentala anali atatuluka kale m'golosale ina ija. Anakhala pamwala, mwana pamiyendo, akumatula kapusozi ndi mano.